Ejenti Amene Ndinasankha ku Lundazi

Ntchito yanga ku yunivesite ina ya ku Lusaka, yomwe si ya boma, inali yoyang'anira ophunzira ochokera kunja kwa dziko. Chaka chimene ndinayamba, ophunzira oti ndiwayang'anirewo panalibe. Ofesi inalipo, mpando unalipo, koma masiku ambiri ndinkangokhala kumvetsera anzanga akuyenda pakhonde.

Tsiku lina abwana anga, amene ankatsogolera zolemba ophunzira atsopano, anandiitana. Anandiuza kuti masukulu anzathu ali ndi maejenti, anthu amene amayendayenda m'madera akwawo kukopa ana kuti akalembetse, ndipo sukulu imawapatsa kangachepe pa mwana aliyense amene wabwera.

"Iwe ndiwe wa ku Lundazi," anatero. "Malawi ili kuseli kwa nyumba yanu. Pita ukatipezele munthu wodziwa mbali ya Mzimba na Kasungu. Tifuna ana a unamwino, ndipo tifuna ambili."

Ndinasangalala, sindibisa. Panali patapita nthawi ndisanaone amama, ndipo apa ulendo unali wa ofesi. Ndinakwera basi ya ku Chipata, kenako minibasi yopita kwathu, nditanyamula chikwama chodzaza timapepala ta zithunzi za atsikana ovala zoyera akumwetulira.

Kwathu ndi ku Magodi. Kumeneko malire a dziko sitimawaona ngati chinthu chachikulu. Abale athu ena ali tsidya lino, ena tsidya lija, ndipo anthu amawoloka pa njinga m'tinjira ta m'minda kupita ku maliro, ku ukwati, ngakhale kukabwereka khasu la ng'ombe. Choncho nditangonena ku tchalitchi ndi kumsika wa pa boma kuti ndikufuna munthu wodziwa ku Malawi, anabwera ambiri. Kunabwera abusa ena a tchalitchi chawochawo amene funso lawo loyamba linali lakuti galimoto tiwapatsa liti. Kunabwera wogula fodya amene amadziwa mudzi uliwonse koma samadziwa kusiyana kwa namwino ndi dokotala. Pomaliza pa sabata ndinatsala ndi anthu awiri.

Woyamba anali aphunzitsi anga a sayansi a ku sekondale, mayi wopuma pa ntchito, wobadwira ku Mzimba koma wokwatiwa ku Lundazi. Ana amene anawaphunzitsa anali mbali zonse ziwiri za malire. Ineyo ndinali ndi chifukwa changa chowalemekezera. Ndili m'giredi naini, malemu adada anaganiza zondisiyitsa sukulu kuti ndizithandiza kusankha fodya, ndipo aphunzitsiwa anapalasa njinga kuchokera pa boma mpaka kumudzi kwathu, nthawi ya dzinja, matope ali m'maondo. Anakhala ndi adada pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Zimene anakambirana sindinazimve, koma Lolemba ndinabwerera ku sukulu.

Wachiwiri anali bambo wina wa msinkhu wanga amene anali ndi shopu pafupi ndi msika. Ankafotokopa mapepala, kujambula zithunzi za ziphaso ndi kulembera anthu mafomu. Anali ndi njinga yamoto ndi mafoni awiri, ina ya nambala ya ku Zambia, ina ya ku Malawi, ndipo zonse zinkalira mosinthana.

Ndinawaitana tsiku limodzi pakhonde la nyumba ya alendo imene ndinkagona. Ku ofesi anandipatsa pepala la mafunso: ngati munthuyo akudziwa dera, ngati ali ndi malo ofikirapo makolo, ngati ali ndi choyendera, ndi kuti angabweretse ana angati pa chaka.

Aphunzitsi anafika m'mawa, atavala chitenje ndi juzi ngakhale kunali kotentha.

"Monire, mwana wanga," anatero m'Chitumbuka akundigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Amama ŵali uli ku kaya?"

Tinalonjerana nthawi yaitali. Kenako anavala magalasi awo n'kuwerenga kapepala kathu konse, ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo timene palibe amawerenga. Ndisanayambe mafunso anga, iwo anayamba awo. Anafunsa kumene atsikana azikagona, ndi chipatala chimene azikaphunzirirako ntchito. Ndinayankha bwino. Kenako anavula magalasi aja.

"Mwana wa ku Mzimba akamaliza n'kubwerera kwawo, pepala lakelo a ku Malawi adzalilandira? Bungwe loona za anamwino kumeneko likuidziwa sukulu yanuyi?"

Yankho ndinkalidziwa. Sukulu yathu inali isanavomerezedwe kumeneko. Kalata yopempha inalembedwa kale ine ndisanalembedwe ntchito, ndipo inali m'kabati ya abwana, yosatumizidwa, chifukwa kuti atilandire ankafuna kuti tikhale ndi zipangizo zimene tinalibe.

"Tikukonza, aphunzitsi," ndinatero.

"Ndiye kuti pakali pano ayi."

"Pakali pano ayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakwiye. Anati ntchitoyo angaigwire, koma kholo lililonse aziliuza zimenezi poyamba lisanagulitse ngakhale nkhuku. Anati mwina angapeze ana anayi kapena asanu a mabanja amene ali ndi mwendo umodzi ku Zambia kuno. Ndinalemba nambala imeneyo papepala langa, ndipo inaoneka yaing'ono kwambiri m'kabokosi kake.

Wa shopu uja anafika masana pa njinga yake yamoto. Timapepala tathu sanatiwerenge, anangotiyang'ana zithunzi n'kunena kuti n'tokongola. Anatchula midzi, masukulu, mayina a mahedimasitala, masiku a misika ya mbali ya Mzimba. Anati chaka choyamba abweretsa basi yodzaza. Ine mtima unali usanakhazikike chifukwa cha zam'mawa zija, choncho ndinayamba kumuuza ndekha za chivomerezo cha ku Malawi. Anakweza dzanja.

"Asisi, izo ni za mailo, za kutsogolo. Zaka zitatu ni zambili, muzakonza. Kholo lifuna kumva kuti mwana wake azavala yoyela. Mukayamba kumuuza za mabungwe, azapeleka mwana ku sukulu ina yamene siizamuuza kanthu."

Chimene chinandipweteka n'chakuti mbali ina ankanena zoona.

Ndinaimbira abwana n'kuwafotokozera za anthu awiriwo mosabisa chilichonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati iwo sakuwadziwa anthuwo, wosankha ndine. Kenako anawonjeza kuti ndizikumbukira kuti ofesi yopanda ophunzira siikhalitsa, ndiponso kuti pangano langa la ntchito likutha chaka chomwecho. Ndinali ndi ana awiri, bambo wawo atapita kwina. Ndimanena zimenezi osati kuti mundikhululukire. Ndikungonena zimene ndinaika pa sikelo.

Ndinasankha wa shopu. Kwa aphunzitsi sindinapiteko, ngakhale nyumba yawo inali mtunda woyenda pansi kuchokera pamene ndinkagona. Ndinawatumizira uthenga pa foni wonena kuti akuluakulu a ku Lusaka asankha wina. Anayankha ndi liwu limodzi lothokoza la Chitumbuka: "Yewo."

Ana anabweradi. Basi siinadzaze, koma anali ochuluka moti pamsonkhano wa antchito abwana anandiimiritsa anthu n'kundiwombera m'manja. Pangano langa analiwonjezera. Ndinagulira amama malata.

Pakati pa anawo panali mtsikana wina wamtali, wofatsa, wa m'mudzi wina kufupi ndi malire mbali ya Mzimba. Sabata yoyamba anasochera m'makonde n'kulowa mu ofesi mwanga akufunsa njira m'Chingerezi chonjenjemera. Nditamuyankha m'Chitumbuka anakhala pansi n'kuyamba kulira, kuseka kuli pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera kawirikawiri, akunditcha anti. Akabwera kuchokera ku tchuti ankandibweretsera mtedza wokazinga m'botolo. Ndi iye amene anandiuza, mosadandaula, ngati nkhani yonyaditsa, kuti adada ake anagulitsa ng'ombe zawo pang'onopang'ono kuti iye aphunzire, mpaka ziwiri zolimira zomwe. Anati ejenti anawauza kuti pepala la sukulu yathu limagwira ntchito dziko lililonse.

Ndinamufunsa ngati wadya. Ndicho chokha chimene ndinanena.

Chaka chachiwiri ejenti uja anaimba foni atakwiya. Anati kuli gogo wina amene akumuwonongera ntchito. Aphunzitsi anga anali atayamba kuyenda okha, pa minibasi ndi pa njinga zakabaza, kupita kwa makolo amene anamva kuti akufuna kutumiza ana, n'kumawauza kuti afunse kaye za chivomerezo. Palibe anawatuma, palibe ankawalipira. Mabanja ena anabweza ana awo.

Abwana anati tiwalembere kalata. Analemba ndi iwo, koma anati wosaina ndikhale ine chifukwa dera ndi langa. Kalatayo inkati mayiwo akufalitsa nkhani zoipitsa dzina la sukulu, ndipo akapitiriza tidzawatengera ku khoti. Ndinaiwerenga kawiri. Ndinapempha kuti tichotse mawu a khotiwo, abwana anakana. Ndinasaina. Dzina langa lonse linali pamenepo, lomwe lija aphunzitsi ankaliitana m'kaundula m'mawa uliwonse.

Ejenti anaifotokopa kalatayo n'kumaionetsa makolo. Mbiri inafala ku Lundazi yakuti mayi wokalambayo akuchita nsanje chifukwa anamanidwa ntchito. Amama anandiuza kuti ngakhale kumsonkhano wa amayi a tchalitchi anthu ankatsinana aphunzitsi akaimirira kupemphera. Anasiya kuyenda. Ana a chaka chachiwiri anachuluka kuposa a chaka choyamba.

Mtsikana uja anamaliza bwino kwambiri. Tsiku lolandira mapepala adada ake anabwera ku Lusaka, koyamba m'moyo wawo, atavala jekete lalikulu kuposa thupi lawo. Mwana wawo anawakokera kwa ine kuti andione. Anavula chipewa n'kundithokoza chifukwa chowasungira mwana. Tinajambulitsa chithunzi atatu.

Patapita miyezi ingapo mauthenga anayamba kubwera. Mtsikanayo anapita ku ofesi ya bungwe la anamwino kwawo, ndipo anamuuza mwaulemu kuti sukulu yathu siili pa mndandanda wawo. Anayesa kuno ku Zambia, koma mlendo amafunika chilolezo chogwirira ntchito, ndipo eni dziko amene anamaliza unamwino anali ambirimbiri pakhomo kudikira kuitanidwa. Anzake onse anakumana ndi zomwezo. Ena anandiimbira akutukwana. Iye ankangolemba kuti, "Anti, pali chatsopano?" Ndinkayankha kuti tikukonza. Nkhaniyo ndinaitengera kumsonkhano kawiri. Ulendo woyamba anati ailemba. Ulendo wachiwiri abwana anandifunsa pamaso pa anthu onse kuti ejentiyo anamusankha ndani.

Nthawi yokolola chaka chimenecho ndinapita kumudzi kukathandiza amama. Tsiku lina chakumasana tili pabwalo kuswa mtedza, tinaona njinga ikubwera m'kanjira ka kumadimba. Wokwerayo anatsika patali, monga achitira munthu waulemu, n'kumaikankha. Ndinawazindikira ndi jekete lija: anali adada a mtsikana uja.

"Odi, odi."

Amama anawayalira mphasa n'kuwapatsa madzi. Analonjerana za kumudzi, za mvula, za mtengo wa chimanga. Bamboyo anali ataonda. Anati chaka chino alima ndi makasu, banja lonse, ndipo theka la munda langokhala thengo. Kenako anamasula jumbo imene anamangirira kumbuyo kwa njinga n'kutulutsa satifiketi ya mwana wawo, ili m'pulasitiki, yoyera ngati tsiku limene anailandira. Anaiika pamphasa pakati pathu.

"Amama," anatero akuyang'ana ine, "ine sindinabwere kudzakangana. Sukulu sindinapite, zinthu izi sindizidziwa. Ndangofuna ndimve pakamwa panu. Pamene mwana wanga ankabwera kwa inu, inu munkadziwa?"

Amama anasiya kuswa mtedza. Ndinamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nkhokwe. Ndinafuna kunena za kalata ya m'kabati, za abwana, za ana anga. Pakamwa panatuluka mawu awiri okha.

"Ndinkadziwa, adada."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sakanagula n'kale. Anasisita pulasitiki ija ndi chala.

"Kunabwera mayi wina wachikulire kwathu," anatero. "Mwana ali chaka choyamba. Anati tifunse za pepala tisanagulitse ng'ombe zotsala. Ine ndinamuthamangitsa. Ndinamuuza kuti nsanje idzamupha. Anachoka wapansi, dzuwa lili pamutu, sindinamupatse ngakhale madzi." Anadzutsa mutu. "Akuti amakhala pa boma. Mundilongosolere njira. Ndikufuna ndikapepese."

Ndinawalongosolera: akafika pamsika akhotere kumanzere, adutse chigayo, nyumba ya mpanda wa maluwa ofiira. Amama anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akudikira kuti ndinene kuti ndiwaperekeza. Sindinanene. Bamboyo anabweza satifiketi m'jumbo, anaimanga bwinobwino ndi mphira, anatsanzika amama, anatsanzikanso ine ndi ulemu womwewo, n'kukankha njinga mpaka kunjira.

Amama sanandikalipire. Anatola lichero n'kulowa m'nyumba. Masiku otsalawo tinkagwira ntchito limodzi, tinkadya limodzi, koma mlendo akabwera n'kufunsa kuti mwana wanuyu amagwira kuti, ankangoti ali ku Lusaka. Kale ankatchula dzina lonse la yunivesite, ngakhale kwa ogula nkhuku.

Zimene zinachitika kwa aphunzitsi ndinazimva kwa mlamu wanga. Bambo uja anakafikadi. Aphunzitsi anamuphikira, anamugoneka, ndipo m'mawa anamuuza kuti atumize mwanayo adzakhale nawo pa boma m'malo mongokhala kumudzi anthu akumuloza. Anapezera mtsikanayo kantchito m'sitolo ina yogulitsa mankhwala. Ejenti uja shopu yake anaikuza, anaika chikwangwani chowala, ndipo pano amalembera ana masukulu angapo, athu ndi ena. Atsikana ena a gulu loyamba lija anakwatiwa, ena ali ku Joni kusamala okalamba m'nyumba za anthu. Mmodzi sindidziwa kumene ali, ngakhale makolo ake sadziwa.

Aphunzitsi ndinakumana nawo kamodzi kokha, pamsika, akusankha tomato. Tsitsi lonse linali litayera. Anandipatsa moni wonse, anafunsa za amama, za ana anga mmodzimmodzi. Nditayamba kuti, "Aphunzitsi, kalata ija," anandigwira pamkono n'kunena kuti dzuwa lakwera, ali ndi alendo kunyumba. Anapita. Ndinaima pamenepo mpaka mayi wogulitsa anandifunsa ngati ndikugula.

Ulendo wanga womaliza kupita kwathu, amama ankadandaula mutu ndi chizungulire, ndipo ndinapita nawo pa boma kukagula mankhwala awo a magazi othamanga. Sitolo imene tinazolowera inali yotseka, choncho tinalowa ina. Kuseri kwa kauntala kunali mtsikana uja, atavala chitenje ndi malaya wamba, akupukuta mashelefu.

"Anti!" anatero, ndipo nkhope yake inawala zenizeni. Ndikanakonda akanandida.

Anawakhazika amama pampando, anawamanga kachipangizo koyezera pamkono, n'kuwauza kuti apume kaye asalankhule. Anawafunsa nthawi imene amamwa mankhwala, mchere umene amathira m'ndiwo, ngati miyendo imatupa madzulo. Anawapinda chikope n'kuyang'ana m'maso. Manja ake ankadziwa chimene akuchita. Anawauza kuti mankhwala asagule kaye, apite ku chipatala tsiku lomwelo akaonane ndi adokotala chifukwa mlingo ukufunika kusintha. Mwini sitolo, atakhala pakona, anatsokomola posonyeza kuti sanakondwe kuti wabweza kasitomala.

Anatiperekeza mpaka pakhomo. Amama atatsogola pang'ono, mtsikanayo anatsitsa mawu. Anati mlongo wake wamng'ono wasiya sukulu kuti azithandiza adada kumunda. Anati pali mwamuna wina wa ku Chikomeni, mlimi wa fodya, wamkulu ndithu, mkazi wake anamwalira, amene wabwera kawiri kudzamufunsira iye mwini. Aphunzitsi akuti asafulumire, koma adada ake atopa.

"Ndiye ndimafuna ndimve kwa inu, anti. Za pepala zija. Ndidikirebe?"

Kalata ija inali idakali m'kabati. Ndinaiona ndi maso anga sabata yomweyo ndikufuna fayilo ina, pepala litayamba kufiira m'mphepete. Ndinamuyang'ana mtsikanayo, maso ake ali pa ine, nsalu yopukutira ili m'manja.

"Dikira pang'ono," ndinatero.

"Yewo, anti. Mwandilimbitsa mtima."

Ndinapita ndi amama ku chipatala, ndipo adokotala anasinthadi mlingo wa mankhwala. M'mawa mwake ndinakwera minibasi yoyamba ya ku Chipata, chifukwa Lolemba ndinkayenera kukhala mu ofesi. Tinali ndi alendo ochokera mbali ya ku Congo, anthu atatu ofuna ntchito ya uejenti, ndipo wowafunsa mafunso ndinali ine.